Maliro Opanda Nyimbo

Malume anga tinawaika m'manda popanda nyimbo. Munali mu Juni 2004, kumudzi kwathu ku Dowa, chisanu chikuluma zala. Amayi a kumpingo anabwera onse. Anatunga madzi, anaphika nsima, anagona m'nyumba ya siwa monga mwa mwambo, koma yunifolomu anaisiya m'sutikesi ndipo palibe anayambitsa nyimbo. Lamulo lake linali lodziwika: munthu akamwalira ali wodulidwa, mpingo suyendetsa mwambo wa maliro ake. Malume anali atadulidwa zaka 6 m'mbuyomo chifukwa cha kachasu, ndipo sanapitenso kwa akulu a mpingo kukapempha kuti abwezeretsedwe. Amene anaperekezapo maliro otere akudziwa mmene njira ya kumanda imatalikira. Umangomva mapazi pa udzu wouma, wina akukhosomola, ndi anyamata akuuzana motsitsa mawu kuti asinthane pabokosi.

Adzukulu atatsitsa bokosi, mfumu inafunsa ngati pali wina woti anenepo mawu a Mulungu, kuti tisabalalike ngati takwirira chiweto. Anadzuka mlaliki wina wochokera mudzi wa kutsidya, Baibulo lili m'khwapa. Anayamba bwino, za kufupika kwa moyo wa munthu. Kenako mawu anakwera, thukuta linayamba kutuluka ngakhale kunkazizira, ndipo analoza m'dzenje ndi chala. "Uyu zake zatha," anatero. "Pamene tikuyankhula pano, akupsa. Inu otsalanu, mukufuna kumutsatira?" Ena anavomera kuti ameni. Ine maso anga anali pa agogo, mayi wobereka malemuyo. Anali atakhala pansi chakumutu kwa dzenje, chitenje atafunda mpaka kumaso. Sanalire mokweza. Dzanja lawo lamanja linali pa mulu wa dothi lofiira, likufinya dothilo n'kulisiya, kufinya n'kulisiya, mpaka mlalikiyo anakhala pansi.

Usiku umenewo, anthu atayamba kuchepa, agogo anandiitanira kukhitchini kumene ankaotha moto. Ndinali Fomu 4, ndipo pabanja pathu ine ndi amene ndinkawerengera anthu makalata ndi Baibulo. "Iwe umawerenga Buku," anatero. "Undiuze zoona, usandinyengerere. Mwana wanga akupsadi?" Ndinayang'ana makala a pamoto paja, kukamwa kwanga kunauma. Mavesi m'mutu analimo ambiri, koma onse ankaoneka ngati akuvomereza mlaliki uja. Ndinangoti, "Agogo, kagoneni, kwada." Mpaka lero ndikakumbukira yankho limenelo mtima umandiwawa.

Moto wa Gehena ndinaudziwa ndisanadziwe kulemba dzina langa. Ku Sande sukulu, mphunzitsi wathu tsiku lina anabwera ndi koloboyi, naiyatsa kunja kukuwala, n'kutiitana mmodzimmodzi kuti tiike chala pamwamba pa lawi. Palibe anapirira ngakhale kuwerenga mpaka katatu. "Kamoto aka kakukanikani," anatero, "nanga wa kuja, wosazima?" Sindimuimba mlandu munthu uja. Ankatikonda, ndipo anatipatsa zomwe iyenso anapatsidwa. Kunyumba kunalinso kabuku ka zithunzi za mtima wa munthu, mtima wodzaza ndi nkhumba, chule, njoka ndi kamba, ndipo chakumapeto kwake kunali munthu akufa pakama, ziwanda zitamuzungulira. Ndinkaopa kukatsegula koma sindinkatha kukasiya. Ndikaba nzimbe masana, usiku ndinkagona chala chija ndili nacho m'kamwa.

Mantha amenewo anandisintha pang'ono chabe. Nzimbe ndinkababe, kungoti ndinaphunzira kubisa makoko. Chimene anandiphunzitsa kwambiri ndi kuwerenga machimo a anzanga. Pofika zaka 12 ndinali ndi mndandanda mumtima wa anthu a m'mudzi mwathu amene ankapita kumoto: ovina gule, ophika mowa, a mitala, ndi malume anga amene ankandikweza pa njinga. Dzina langa silinalipo. Choncho pamene mlaliki uja analoza m'dzenje, sananene chachilendo kwa ine. Anangonena mokweza zomwe ndinali nditagamula kale mwakachetechete. N'chifukwa chake ndinalephera kuwayankha agogo.

Maliro atatha ndinayamba kuwerenga ndi pensulo m'manja, kulemba chizindikiro paliponse pamene patchulidwa za chilango cha akufa. Choyamba kundidabwitsa chinali chakuti zomwe ife timazimanga mtolo umodzi n'kuzitcha kumoto, m'Malemba ndi mawu angapo osiyana. M'Chipangano Chakale muli mawu achihebri akuti Sheol, amene Buku Lopatulika la 1922 limawamasulira kuti manda m'malo ambiri. Kumeneko kumapita aliyense, wabwino ndi woipa. Yakobo, atamva kuti Yosefe wajiwa ndi chilombo, anayembekezera kutsikira komweko akulira mwana wake. M'Chipangano Chatsopano muli Hade, mawu achigiriki a dziko la akufa. Muli Tartaro, otchulidwa kamodzi kokha m'kalata yachiwiri ya Petro, ponena za angelo ochimwa. Muli nyanja ya moto ya m'Chivumbulutso, mmene imfa ndi Hade zomwe zimaponyedwa. Ndiye muli Gehena.

Gehena ndi dzina la malo enieni. Ndi chigwa cha Hinomu, chakum'mwera kwa mzinda wakale wa Yerusalemu, ndipo lero anthu amayendamo pakati pa udzu ndi mitengo. Alaliki ambiri amati kumeneko kunali dzala la mzinda lomwe moto wake sunkazima, koma nkhani imeneyo simuipeza m'Baibulo. Imachokera kwa mphunzitsi wachiyuda David Kimhi, wa cha m'ma 1200. Zomwe Baibulo limanena za chigwacho n'zoopsa kuposa dzala. Mafumu Ahazi ndi Manase anawotcherako ana awo monga nsembe. Yosiya anadzadetsa malowo kuti mchitidwewo uthe. Ndipo mu Yeremiya 7, Mulungu akudzudzula anthu owotcha anawo, akunena kuti iye sanawalamule zimenezo, ndipo sizinabwere n'komwe m'maganizo mwake. Nditawerenga ndimeyo ndinakhala chete nthawi yaitali. Moto woyamba wa Gehena anauyatsa ndi anthu, anthu opembedza, ndipo opsa anali ana. Yesu potenga dzina limeneli kuti achenjeze za chiweruzo, anatenga dzina la malo kumene chipembedzo chopanda chifundo chinafikitsa mtundu wake.

Chachiwiri ndi chomwe chinandigwetsa pampando. Mawu akuti Gehena amapezeka maulendo 12 m'Chipangano Chatsopano. Kamodzi ndi m'kalata ya Yakobo, ponena za lilime. Maulendo 11 otsalawo akutuluka m'kamwa mwa Yesu mwini. Choncho munthu asaname kuti chiphunzitsochi anachipeka ndi alaliki aukali. Mbuye wa chifundo yemweyo ndiye anachitchula kuposa aliyense. Koma tayang'anani amene ankawauza. Akuuza ophunzira ake, za kunyoza m'bale, za diso la chigololo, za kukhumudwitsa ana aang'ono. Akuuza alembi ndi Afarisi, akuluakulu a chipembedzo, mu Mateyu 23. Ndinafufuza pamene anamuopseza nawo mayi wa ku Samariya uja wa amuna asanu, sindinapapeze. Kwa Zakeyu wokhometsa msonkho anakadya nsima. Mayi wogwidwa m'chigololo anamuuza kuti aleke, atabalalitsa ogwira miyala. Chigawenga cha pamtanda chinalonjezedwa Paradaiso chilibe nthawi yobatizidwa kapena yokaonekera kwa akulu a mpingo.

Nkhani ziwiri zimene Yesu anajambula chilango momveka bwino kwambiri zilibe mowa, zilibe gule. Mu Luka 16 muli munthu wolemera amene ankadyerera masiku onse, pachipata pake pali Lazaro wazilonda, agalu akumunyambita. Sitiuzidwa kuti wolemerayo anaba kapena anapha. Ankangomudutsa. Ndipo ali m'mazunzo akumutchula Lazaro ndi dzina, kusonyeza kuti ankamudziwa bwino masiku onse aja. Mu Mateyu 25 anthu akulekanitsidwa ngati nkhosa ndi mbuzi, ndipo mafunso ake ndi a chakudya, madzi, chovala, mlendo, wodwala ndi wam'ndende. Mbali zonse ziwiri zikudabwa ndi chigamulo. Mfundo imeneyi tinkaidumpha ku Sande sukulu: pa tsikulo odabwa adzachuluka. Munthu amene wawerenga zimenezi n'kumvetsa sangaloze m'dzenje la mnzake molimba mtima.

Sindikufuna kubisa mavesi amene mlaliki uja akanandiyankha nawo. Paulo, polembera Akorinto ndi Agalatiya, akutchula oledzera pakati pa anthu amene sadzalowa mu Ufumu wa Mulungu. Zilipo, ndipo sindingazifute. Koma pa mndandanda womwewo pali osirira, olanda, olalata, ansanje ndi ogawanitsa anthu. M'zaka zonse zimene ndakhala mumpingo ndaona anthu ambiri akudulidwa chifukwa cha mowa ndi mimba. Sindinaonepo munthu akudulidwa chifukwa cha katapila. Ndaona achibale akukokolola malata, mipando ndi mbuzi za mayi wamasiye maliro asanazizire, Lamulungu lotsatira n'kukadya mgonero, pamene Yesu mu Marko 12 anati olusira nyumba za amasiye chilango chawo chidzakhala chachikulu koposa. Tchimo lonunkha m'kamwa timaligwira msanga chifukwa limadzandira pamsewu. Tchimo lovala jekete limakhala kutsogolo, ndipo likamwalira timaliimbira usiku wonse.

Malume anga sanali munthu woyera, ndipo ndikawapaka laimu ndikhala ndikunamiza akufa ndi amoyo omwe. Anali okonza njinga pa msika wa kwathu, pansi pa mtengo wa mango, ali ndi beseni la madzi akuda loyesera machubu. Akapeza ndalama, theka linkathera kwa mayi wotcheza kachasu. Akaledzera ankasanduka munthu wina. Akazi awo ali ndi chipsera pamwamba pa diso lamanzere mpaka lero, ndipo tonse tikudziwa kumene chinachokera. Ana awo awiri anasiyira sukulu panjira. Koma malume omwewo, pa njala ya 2002, pamene anthu ankadya zikhawo za nthochi ndipo aliyense ankatseka chitseko pophika, ankapalasa njinga mtunda wautali kukasaka madeya, n'kumagawa pakati ndi gogo wina wosamala ana amasiye amene sanali m'bale wathu. Munthu akadwala usiku, khomo logogodedwa linali lawo, ndipo sankafunsa za malipiro. Ndikawaika pa muyeso wa Akorinto, akugwa. Ndikawaika pa muyeso wa Mateyu 25, akuima pamene ambiri ovala yunifolomu sitingaime. Mlandu wotere ndani mwa ife angauzenge ali chiimire pamanda, mu mphindi khumi?

Panali nthawi, ndili kukoleji, imene ndinafuna kungochitaya chiphunzitso chonsechi. Ndinkati ndi chikwapu cha azungu choopsezera anthu akuda. Ndipo n'zoona kuti makolo athu analibe mawu ake, n'chifukwa chake tinachita kubwereka akuti Gehena. Amishoni asanafike ku Cape Maclear mu 1875, ku Blantyre mu 1876 ndi ku Mvera kwathu kuno mu 1889, Achewa ankadziwa Chauta, ankadziwa mizimu ya makolo, ankadziwanso kuti munthu woipa mtima akafa mzimu wake susowa kuvutitsa ndi kuvutika. Ng'anjo yosatha sankaidziwa. Koma chimene chinandibweza ndi chipsera chija cha pamwamba pa diso. Ngati kulibe chiweruzo, ndiye kuti misozi ya amayi aja inangogwera pansi basi. Ndiye kuti womenya ndi womenyedwa mathero awo ndi amodzi, dothi lofiira.

Ndipo dziko lathu lili ndi milandu yambiri imene inatha popanda kutha. Mu Meyi 1983 nduna zitatu, Dick Matenje, Aaron Gadama ndi Twaibu Sangala, pamodzi ndi phungu David Chiwanga, anaphedwa ku Mwanza, mtundu n'kuuzidwa kuti inali ngozi ya galimoto. Mlandu unazengedwa mu 1995, ndipo oimbidwa mlandu anamasulidwa. Taganizaninso za abale athu achialubino amene aphedwa chifukwa cha ziwalo zawo. Ena mwa ogwira mpeni anamangidwa, nanga owatuma? Akuluakulu anati mlandu suola. Ine ndimamva chiphunzitso cha Gehena ngati mwambi womwewo utafika pachimake: pali bwalo limene silipatsidwa chiphuphu, limene fayilo yake siisowa. Kwa munthu wokhuta ndi wotetezedwa, nkhani ya chiweruzo imamveka yankhanza. Kwa mayi amene mwana wake anaphedwa ndipo wakupha akuyenda pamsewu, ndi nkhani yokhayo yomuthandiza kuti asatenge chikwanje yekha. Mulungu amene sakwiya ndi zoterezi sindingamutche wachikondi.

Nditawerenga mbiri ya mpingo ndinapezanso kuti Akhristu oopa Mulungu sanagwirizanepo chimodzi pa za mmene chilangocho chilili. Awiri mwa otsutsana oyambirira anali a mu Africa muno. Augustine, bishopu wa ku Hippo amene anamwalira mu 430, analimbikira kuti chilangocho n'chosatha, ndipo mfundo yake inali yolimba: kumapeto kwa Mateyu 25 mawu amodzi omwewo ndiwo akufotokoza kutalika kwa moyo ndi kutalika kwa chilango, choncho simungafupikitse chimodzi n'kusiya chinzake. Maganizo ake ndiwo anatsogolera mipingo yambiri mpaka lero. Origen wa ku Alexandria, amene anakhalako zaka zoposa 100 Augustine asanabadwe, ankayembekezera kuti motowo ndi woyenga, ndipo potsiriza zolengedwa zonse zidzabwerera kwa Mulungu. Mpingo unadzakana maganizo amenewo patapita zaka pafupifupi 300 iye atamwalira. Palinso njira yachitatu, imene anansi athu a Seventh-day Adventist ndi a Mboni za Yehova amaphunzitsa, yakuti oipa adzawonongedwa n'kutheratu, pakuti ntchito ya moto ndi kunyeketsa. Si iwo okha. Mu 1988 John Stott, mlaliki wa Anglican wolemekezeka pakati pa okhulupirira Baibulo, anavomera poyera kuti amapendekera komweko.

Ngakhale za motowo, si onse anaumva monga lawi la koloboyi. John Calvin, amene mipingo ya Chipresibeteriya imamutenga ngati kholo, anaphunzitsa kuti moto, mphutsi ndi mdima ndi zithunzi, chifukwa chilankhulo cha anthu sichingafotokoze kuopsa kwa kukhala kutali ndi Mulungu. Ndipo taganizani: Yesu akutchula moto, akutchulanso mdima wakunja. Moto ndi mdima sizikhalira pamodzi, pokhapokha ngati zonse zikuloza chinthu china chachikulu kuposa izo. Katekisimu wa Mpingo wa Katolika wa 1992 amati chilango chachikulu cha Gehena ndi kulekana ndi Mulungu kwamuyaya, kumene munthu wakusankha yekha, ndipo mu Julayi 1999 Papa John Paul II anafotokoza kuti Gehena ndi mkhalidwe wa munthu wodzipatula kwa Mulungu koposa kukhala malo. Zithunzi zathu zija za ziwanda zozunza anthu zili ndi mafoloko tinazitengera kwambiri kwa ojambula a ku Ulaya ndi alakatuli monga Dante, amene anamwalira mu 1321. M'Baibulo Satana si mfumu ya Gehena. Ndi mkaidi wake.

Amene anandifika pamtima ndi Isaac wa ku Nineveh, mmonke wa m'zaka za m'ma 600. Iye ankati ozunzika ku Gehena amakwapulidwa ndi chikondi, kutanthauza kuti ululu wawo ndi wa kuzindikira kuti anachimwira amene ankawakonda. Zimenezi ndinazimvetsa msanga chifukwa ndinaziona. M'mudzi mwathu munali mnyamata amene anapita ku Johannesburg n'kukhala zaka 9 osatumiza ngakhale moni, amayi ake akufunsa aliyense wochokera kumeneko. Anabwera atamva kuti amwalira, n'kupeza manda atamera udzu, ndi bulangete limene amayiwo anamusungira likadali m'pepala lake. Palibe anamukalipira. Anakhala pakhonde atagwira bulangetelo, ndipo kulira kwake sindikufuna kudzakumvanso. Ngati munthu angapse chotero ndi chikondi cha mayi, chikondi cha Mulungu chingamuotche bwanji amene wachikana mpaka mapeto? Pamenepa ndi pamene ine ndaima. Ndimakhulupirira kuti Gehena aliko, kuti munthu angathe kuuma mtima mpaka kufikako, ndipo kuti munthu ameneyo ndingathe kukhala ine.

Koma pa onse amene ndawatchulawa, ngakhale ouma kwambiri, pali mwambo umodzi umene mlaliki wa kumanda uja anauphwanya. Mpingo wa Katolika uli ndi mndandanda wautali wa anthu amene umawatcha oyera, mayina ndi masiku awo, koma sunalengezepo mwalamulo dzina la munthu mmodzi kuti ali ku Gehena. Mipingo yathu ina imaphunzitsanso kuti munthu amapulumuka ndi chisomo, ndipo kuti wodziwa mtima ndi Mulungu yekha. Kudula munthu mumpingo ndi chilango cha pansi pano, chofuna kumubweza; si kutseka chipata cha kumwamba. Malume anadwala milungu itatu asanamwalire. Zomwe ankayankhula ndi Mlengi wawo usiku, chifuwa chitawagwira, mlaliki uja sanazimve, ndipo nanenso sindinazimve. Wakutsina khutu ndi mnansi, n'zoona, ndipo mlaliki ali ndi udindo wotsina makutu a amoyo. Koma khutu la wakufa silitsinika. Limene linatsinidwa tsiku lija mpaka kutuluka magazi linali la mayi wokalamba amene sanalakwe kanthu.

Ndimamvabe maulaliki otere, m'basi ya m'mawa, pa wailesi, pamaliro. Ndimamvetsera chinthu chimodzi: kodi wolalikirayo akumva chisoni? Yesu atayang'ana Yerusalemu n'kuneneratu za kuwonongeka kwake, analira. Paulo anafika pokhumba kuti iye mwini atembereredwe m'malo mwa abale ake. Ndikamva munthu akufotokoza za ng'anjo mawu ake akusekerera, ngati akusimba za chigoli cha timu yake, ndimachita mantha chifukwa cha iyeyo. Ndipo ine ndikapatsidwa mpata woyankhula pamaliro, monga zimachitikira tsopano popeza imvi zayamba, za chiweruzo ndimazitchula, sindizithawa. Koma ndimayamba ndi mlonda wa pageti panga amene ndimamudutsa m'mawa uliwonse, ndi mtsikana wantchito amene malipiro ake ndinawachedwetsapo ndalama ndili nazo. Lazaro wanga ndikumudziwa dzina.

Agogo ndinawayankha patapita zaka ziwiri. Munali mu Seputembala 2006, titasonkhana kuti timange chiliza cha malume. Madzulo ake ndinawapeza pakhonde akusola mtedza, ndipo ndinakhala pansi pafupi nawo. Ndinati, "Agogo, funso lanu lija sindinaliiwale." Sanafunse kuti liti. Ndinawasimbira za chigawenga cha pamtanda, za nkhosa ndi mbuzi, za madeya a 2002. Sindinabise za mowa, kapena za chipsera cha apongozi awo. Ndinawauza kuti malume adzayankha pa zonsezo pamaso pa Woweruza amene sanyengeka, koma amenenso anafera anthu ochimwa, ndipo kuti palibe munthu wapansi pano amene anapatsidwa buku la mayina kuti aliwerenge.

Anasiya kusola. "Ndiye kuti mlaliki uja sanakaoneko?"

"Sanakaoneko, agogo."

"Nanga amayi anga, amene anafa osalowa m'tchalitchi?"

Ndinawauza zomwe Paulo analembera Aroma, kuti anthu amene sanamve chilamulo adzaweruzidwa monga mwa chikumbumtima chawo, ndi za Abrahamu amene anatsamira pa chilungamo cha Woweruza wa dziko lonse pochonderera Sodomu. Anagwedeza mutu pang'onopang'ono. "Basi," anatero. "Mlandu uli kwa Mwini wake. Amene uja ndimamudziwa." Anatolanso mtedza.

M'mawa mwake tinapita kumanda ndi matumba awiri a simenti, mchenga ndi zidebe za madzi. Amisiri ali mkati mosakaniza, agogo anadzuka pamene anakhala, nayenda ndi ndodo yawo mpaka chakumutu kwa manda, pamalo pomwe paja anafinya dothi. Anayambitsa nyimbo ya m'buku, imodzi mwa zomwe timaimba potsitsa bokosi. Mawu awo anali osasa, ndipo ndime yoyamba anaimba okha. Amayi anga anavomera, kenako amayi ena awiri, kenako ife tonse, ndipo amisiri anaimika mafosholo n'kuvula zipewa. Akazi a malume anali ataima pambali, chidebe chili pamutu. Sanaimbe. Anatula chidebecho pansi, nabwera kudzaima pafupi ndi agogo, n'kuwagwira mkono kuti asagwe mpaka nyimbo inatha.